Sitima anaichepetsa, koma chipale sanachichepetse

Mu Novembala 2014, m'madera a kum'mwera kwa mzinda wa Buffalo ku America munagwa chipale chofewa, chija ambiri timangoti sinowo, ndipo m'malo ena chinakwana mamita awiri m'masiku owerengeka okha. Magalimoto anakwiririka, madenga ena anagwa, anthu anafa. Buffalo ali m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Mphepo yozizira kwambiri ikadutsa pamwamba pa madzi a nyanjayo asanaundane, imatenga chinyontho chambiri n'kukachikhuthula kumtunda ngati chipale, nthawi zina kwa masiku awiri kapena atatu osalekeza.

Tsopano taganizani za njanji imene mpata wake ndi mamilimita 45 okha, yoyalidwa kuseri kwa nyumba m'dziko loterolo. Ku America, ku Germany, ku Britain ndi kwina kuli anthu akuluakulu, ena agogo ndithu, omwe amamanga njanji zing'onozing'ono pabwalo, pakati pa maluwa ndi miyala. Amaika timilatho, timasiteshoni, timitengo tosakula, n'kumayendetsa tisitima ta magetsi kapena ta nthunzi yeniyeni. Musawaseke. Amene munapangapo galimoto ya mawaya n'kuikonzera msewu wake wake m'fumbi mukudziwa mtima umene umachititsa zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti awa amawonongerapo ndalama zambiri, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira imabwera kudzayesa ntchito yawo.

Ine nkhaniyi ndimaikonda chifukwa theka la Physics ya Fomu 3 ndi 4 lili m'menemo: density, friction, expansion, latent heat, magetsi. Komanso ikuonetsa chinthu china chimene silabasi sichitchula kwenikweni, pamene mainjiniya amakumana nacho tsiku ndi tsiku, chakuti ukachepetsa chinthu, mbali zake sizichepa mofanana.

Mamilimita 45 ndi nambala 22.5

Njanji zapabwalo zinayamba kale. Ku Beaconsfield ku England kuli mudzi wachidole wotchedwa Bekonscot umene unatsegulidwa mu 1929, ndipo uli ndi njanji yakeyake yapanja. Koma zinafala kwambiri kuyambira mu 1968, pamene kampani ya Lehmann ya ku Nuremberg inatulutsa tisitima totchedwa LGB, topangidwa kuti tizitha kukhala panja, pamvula ndi padzuwa. Njanji zake ndi za brass, chitsulo chosakaniza mkuwa ndi zinki chimene sichichita dzimbiri lofiira lija. Sikelo yake ndi 1:22.5, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kasitimako ikuimira masentimita 22.5 pa sitima yeniyeni.

Chulukitsani 45 ndi 22.5, mupeza mamilimita 1,012.5, pafupifupi mita imodzi. Ndiye kuti njanjiyo ikuimira njanji zenizeni za mpata wa mita imodzi, ngati zija zokwera mapiri ku Switzerland. Ena amayendetsa pa njanji yomweyo tisitima ta 1:32, ndipo apo mamilimita 45 amaimira njanji zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America za mamilimita 1,435. Njanji yathu ya ku Limbe kapena ku Balaka ndi ya mamilimita 1,067, choncho munthu atafuna kupanga kasitima ka kwathu kuno pa njanji imeneyi, sikelo yake ingakhale pafupifupi 1:24.

M'nkhani ino tigwiritsa ntchito 22.5. Isungeni bwino nambalayi.

Chipale cha masentimita 10, chimene munthu wa ku Buffalo sangachiwerengere n'komwe, kwa kasitimako ndi mamita 2.25. Cha theka la mita ndi mamita oposa 11. Chija cha 2014, mamita awiri, ndi mamita 45, msinkhu wa nyumba yosanjikizana kakhumi ndi kasanu. Palibe njanji yeniyeni imene inakwiriridwapo chotero ndi chipale cha sabata imodzi. Ngakhale kambewu kamodzi ka chipale ka mamilimita anayi, kwa kamunthu kachidole koima pasiteshoni ndi chibuma cha masentimita 9, ngati lalanje lalikulu.

Chipale si chimodzi

Tisiyanitse kaye ndi matalala, chifukwa ambiri timasokoneza. Matalala ndi madontho a madzi amene amaundana n'kumakutana m'mitambo ya mabingu mpaka kukhala timiyala tolimba. Chipale chofewa chimapangika pamene nthunzi ya madzi ya m'mitambo yasanduka ayezi mwachindunji, osayamba yakhala madzi. Timbewu take timakhala ta nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo tikaunjikana pansi timasiya mipata yambiri ya mpweya pakati pake.

Mipata imeneyo ndiyo imachititsa kuti density ya chipale izisinthasintha kwambiri. Madzi ndi makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita. Ayezi ndi pafupifupi 917. Chipale chongogwa kumene kukuzizira kwambiri chimakhala pakati pa 50 ndi 100, chopepuka moti mutha kuchiuzira ndi pakamwa ngati ufa. Chikagwa kutentha kuli pafupi ndi 0 °C, kapena chikakhalitsa n'kutsendereka, chimafika 300 ngakhale kuposa.

Tiwerengere denga. Chipale chotsendereka cha theka la mita, density yake 300, chimalemera makilogalamu 150 pa sikweya mita iliyonse. Amenewo ndi matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50, pa kamalo kosakwana n'komwe mphasa imodzi. N'chifukwa chake madenga a nyumba zenizeni amagwa. Nanga kasiteshoni ka pulasitiki kapena ka timatabwa tomata ndi guluu? Eni ake ambiri nyengo yozizira ikamayandikira amazula tinyumba tonse n'kukasunga m'nyumba, n'kusiya njanji yokha panja.

Palinso china. Chipale chonyowa chimamatirira, monga mchenga wonyowa umaumbika pamene wouma umangomwazika. Ndiponso chipale chikagona pansi kwa maola angapo, timbewu take timayamba kulumikizana tokha pamene takhudzana, chonsecho n'kukhala ngati chibuma chimodzi. Chimene chinali ufa madzulo, m'mawa chimafuna fosholo.

Chifukwa chake kainjini kamafooka kuposa msinkhu wake

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Sitima sikoka ndi mphamvu ya injini yokha. Imakoka ndi kugwirana kwa mateyala ndi njanji, friction ija. Injini ingakhale yamphamvu bwanji, siingakankhe kuposa mmene friction ikulolera, ikapyola pamenepo mateyala amangozungulira pamalo amodzi. Ndipo friction imadalira kulemera kwa injiniyo kuchulukitsa ndi nambala ina yosonyeza kugwirana kwa zitsulo ziwirizo. Pa njanji youma nambalayo ili cha m'ma 0.3. Pa njanji yonyowa kapena ya ayezi imatha kutsika kufika 0.1 kapena kucheperapo.

Tichepetse injini ya matani 40 ndi 22.5. M'litali yachepa ka 22.5, m'lifupi ka 22.5, msinkhu ka 22.5. Ndiye volume yake, pamodzi ndi kulemera kwake, yachepa ka 22.5 × 22.5 × 22.5, komwe ndi ka 11,391. Makilogalamu 40,000 kugawa ndi 11,391 ndi makilogalamu 3.5. Kainjini ka makilogalamu 3.5 kamatsamira njanji ndi manyutoni pafupifupi 35. Pa njanji youma kangakankhe ndi manyutoni 10. Pa ayezi, manyutoni 3.5 basi, mphamvu yongokwanira kunyamula magalamu 350.

Wina wochenjera anena kuti: aphunzitsi, nanga si chipale chimene kainjiniko kakukankha nachonso ndi chochepa? Zoonadi. Chipale chikakhala cha masentimita awiri m'malo mwa masentimita 45, mulu wake wachepanso ka 11,391, mofanana ndi injini. Kukanakhala kuti vuto ndi kulemera kwa chipale kokha, bwenzi zinthu zili bwinobwino. Koma khasu la kutsogolo kwa injini silingokankha mulu, liyenera kuudula kaye, kuulekanitsa ndi chipale cha m'mbali ndi cha pansi chimene wamatirirana nacho. Mphamvu yodulira imadalira kukula kwa malo odulidwawo, area, ndipo area imachepa ka 22.5 × 22.5 kokha, komwe ndi ka 506. Kumatirira kwa chipalecho sikunachepe ngakhale pang'ono, chifukwa ndi chipale chomwecho chimene chikugwera njanji yeniyeni kuseri kwa phiri.

Mwaiona nkhani yake? Mphamvu ya injini yatsika ka 11,391. Mphamvu yofunika podula yatsika ka 506. Gawani ziwirizo, mupeza 22.5. Pamaso pa chipale chomatirira, kainjini ndi kofooka ka 22.5 kuposa injini yeniyeni imene kakuimira. Galileo analemba za lamulo limeneli mu 1638, pofotokoza chifukwa chake nyama zikuluzikulu zimafunika mafupa onenepa kwambiri. Iye ankayang'ana chinthu chikamakula, ife tikuyang'ana chikamachepa, koma masamu ake ndi omwewo. Ndi lamulo lomweli limene limachititsa kuti nyerere ikagwera m'dontho la madzi ivutike kutulukamo, pamene inu mumavuuka mumtsinje osaganizako n'komwe.

Njanji zakale za ku America zinali ndi njira ina yothana ndi milu ikuluikulu. Ankalumikiza mainjini angapo kumbuyo kwa khasu lalikulu losongoka, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuthamanga kukauwomba muluwo. Inali ntchito yoopsa, koma inkatheka chifukwa cha kinetic energy. Kodi kasitima kangachite chimodzimodzi? Mukukumbuka kuti kinetic energy ndi theka la mass kuchulukitsa ndi liwiro kawiri. Mass yachepa ka 22.5 katatu. Liwiro, kasitimako kakamayenda mogwirizana ndi sikelo yake, lachepa ka 22.5, ndipo m'masamuwo limalowa kawiri. Zonse pamodzi ndi 22.5 kasanu, pafupifupi ka 5.8 miliyoni. Koma ntchito yodula chipale, mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda, yachepa ka 11,391 kokha. Kasitimako kaperewera ka 506. Kakathamanga kuti kalipire kuperewerako, kawirikawiri kamakwera pamwamba pa chipale chotsendereka n'kugwa m'njanji.

Ndiye eni ake amatani? Amabera sikelo. Amadzaza kangolo ka khasu ndi zidutswa za mtovu kapena miyala kuti kasanyamuke, amalumikiza mainjini awiri kapena atatu, ena amapaka mafuta pakhasu kuti chipale chisamatirire. Koma njira imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse siifuna chida: satsegula njira chipale chitatha kugwa, amayendetsa sitima chikugwa, kuzungulira mobwerezabwereza, kuti ulendo uliwonse khasu lizikumana ndi sentimita imodzi kapena awiri a chipale chosagwirana. Njanji zenizeni za kumapiri zimachitanso chimodzimodzi. Chikapitirira msinkhu wa kainjini, palibe za sikelo, mwini wake amatenga tsache ndi fosholo.

Khasu lozungulira

Pa makasu onse a chipale, lotchuka kwambiri ndi rotary. Kutsogolo kwake kuli chigudumu chachikulu cha mipeni, choposa mamita atatu kukula kwake, chimene chimadula chipale n'kuchiponya kutali kudzera pa chibowo cha pamwamba. Maganizo ake anayamba ndi dokotala wa mano wa ku Toronto, J. W. Elliott, mu 1869. Orange Jull, wa ku Canada komweko, anawakonza bwino m'zaka za m'ma 1880, ndipo abale a Leslie ndiwo anayamba kupanga makinawo n'kumagulitsa. Ubwino wa rotary ndi wakuti siidalira kuwomba. Imadya muluwo pang'onopang'ono, ndipo mainjini a kumbuyo amangoikankha kuti isasiyane ndi chakudya chake.

Ngakhale zili choncho, phiri likakwiya rotary imagonja. Pa 13 Januwale 1952, sitima ya anthu yotchedwa City of San Francisco inatitimira m'chipale pafupi ndi Yuba Pass m'mapiri a Sierra Nevada ku California, muli anthu 226. Ma rotary amene anatumizidwa kukaipulumutsa nawonso anakanirira m'njira, ndipo anthuwo anatulutsidwa patatha masiku atatu. M'mapiri omwewo, omanga njanji a m'zaka za m'ma 1860 anali ataona kale kuti malo ena kulimbana ndi chipale n'kutaya nthawi, ndipo anangoimangira njanjiyo denga la matabwa kwa makilomita ambirimbiri.

Anthu a njanji zapabwalo amapanganso timarotary togwira ntchito, ta chigudumu cha masentimita pafupifupi 15 ndi mota yakeyake. Funso labwino la Physics nali: kachigudumuko kazizungulira mofulumira bwanji? Mtunda umene chinthu choponyedwa chimafika umadalira liwiro kuchulukitsa ndi liwiro, kugawa ndi g. Koma g sanachepetsedwe, ndi 9.8 yemweyo pabwalo ndi paphiri. Kuti chipale chigwe pa mtunda wochepa ka 22.5, liwiro loponyera liyenera kuchepa ndi square root ya 22.5, yomwe ndi 4.7, osati 22.5. Popeza chigudumucho ndi chaching'ono ka 22.5, kuti nsonga zake zifike liwiro limenelo chiyenera kuzungulira mofulumira ka 4.7 kuposa chenicheni. N'chifukwa chakenso kanema wa kasitima amaoneka wothamanga modabwitsa, ndipo opanga mafilimu akajambula zidole amachedwetsa kanemayo kuti zioneke zolemera. William Froude anagwiritsa ntchito square root yomweyi m'zaka za m'ma 1870 poyesa tizombo tating'ono m'dziwe ku Torquay, kuti adziwe mmene zombo zenizeni zidzayendere panyanja. Mpaka lero opanga zombo amatchula dzina lake.

Karotary kamachita bwino pa chipale chouma. Pa chonyowa, kabowo kake kamatsekeka, chigudumu n'kuima. Mota ikaima magetsi akulowabe, current imakwera kwambiri, mawaya a mkati amatentha, ndipo mwini wake akachedwa kuzimitsa amamva fungo la ndalama zake zikupsa.

Injini yofunda ndi mdani wa mwini wake

Tisitima tambiri ta mtunduwu timatenga magetsi m'njanji momwemo, mavoti osapitirira 24. Njanji imodzi ndi waya wopita, inayo wobwerera, ndipo magetsi amalowa m'mota kudzera pa kamalo kakang'ono kwambiri pamene teyala lakhudza njanji. Ayezi salola magetsi kudutsa bwino. Kansalu ka ayezi kopyapyala ngati pepala kakalowa pakati pa teyala ndi njanji, dera la magetsi laduka, sitima yaima.

Ayeziyo amachokera kuti, poti chimene chagwa ndi chipale chofewa? Nthawi zambiri amabwera ndi injini yomwe. Munthu akaitulutsa m'nyumba yofunda, ya madigiri 20, n'kuiika pa njanji ya madigiri asanu pansi pa ziro, mateyala ofundawo amasungunula chipale chimene akhudza. Madziwo amakumana ndi njanji yozizira, ndipo brass imachotsa kutentha msanga, choncho amaundana pomwepo. Posakhalitsa mateyala nawo azizira, ndipo madzi otsala amaundana pa iwo. Odziwa bwino amayamba aisiya injiniyo panja kwa kanthawi kuti izizire kufanana ndi njanji, kenako n'kuiyendetsa. Teyala lozizira limangokankha chipale chouma osachisungunula.

Musaganize kuti zoterezi ndi za zidole zokha. Mu Disembala 2009, sitima zisanu za Eurostar zinafera m'ngalande ya pansi pa nyanja pakati pa France ndi England, ndipo anthu oposa 2,000 anakhala m'menemo kwa maola ambiri. Chipale chosalala kwambiri chinali chitalowa m'zipinda za makina pamene sitimazo zinkadutsa kumpoto kwa France. Zitalowa m'ngalande, momwe ndi mofunda, chinasungunuka, madzi n'kufika pa zida za magetsi. Kumeneko chozizira chinalowa mofunda, pabwalo paja chofunda chinatuluka kozizira, koma cholakwa ndi chimodzi: kudutsa 0 °C uli ndi madzi pamalo osayenera.

Ambiri masiku ano anasiya kudalira magetsi a m'njanji. Amaika mabatire m'kangolo n'kumayendetsa ndi rimoti, ndipo ayezi akhalepo asakhalepo mota imalandira magetsi ake. Mabatire nawo amafooka kukazizira, chifukwa zochitika za m'kati mwake zimachedwa, koma vuto limenelo ndi laling'ono poyerekeza.

A nthunzi yeniyeni, omwe ndi ambiri ku Britain, ali ndi vuto lawolawo. Tiinjini tawo tili ndi boyila yeniyeni ya madzi, ndipo tambiri timawiritsa madziwo ndi gasi wa butane. Butane m'thanki amakhala wamadzimadzi, ndipo amawira pa −0.5 °C. Kunja kukazizira kuposa pamenepo, sasanduka mpweya wokwanira, moto umafooka kapena kuzima. Kuwonjezera apo, gasiyo akamawira amatenga kutentha kwa thanki yomwe, ndiye thankiyo imanka nizizirabe. Ena amazunguliza thankiyo ndi madzi ofunda, ofunda chabe osati otentha, chifukwa otentha angakweze pressure mopyola. Propane amawira pa −42 °C, choncho savutika ndi kuzizira, koma pressure yake ndi yaikulu moti si thanki iliyonse ingamusunge. Mphoto ya kuvutika konseku ndi utsi woyera umene umatuluka tsiku lozizira. Nthunzi yeniyeni sioneka ndi maso. Choyeracho ndi timadontho ta madzi topangika nthunzi ikakumana ndi mpweya wozizira, monga mpweya wa m'kamwa mwanu umaonekera m'mawa wa Juni ku Dedza.

Bwanji osangothira madzi otentha?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndiye tiliwerengere. Titenge njanji ya mamita 30, tifune kutsegula mpata wa masentimita 20, chipale chili masentimita 10. Volume ndi 30 × 0.2 × 0.1, yomwe ndi 0.6 kiyubiki mita. Pa density ya 100, ndi makilogalamu 60. Kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi, osakweza kutentha kwake ngakhale digiri imodzi, kumafuna makilojulo 334. Makilogalamu 60 afuna makilojulo 20,040, omwe ndi mayunitsi a magetsi oposa asanu ndi theka. Kilogalamu ya madzi owira ikazizira kuchoka pa 100 kufika pa 0 °C imapereka makilojulo 420, ndiye mufunika malita pafupifupi 48 a madzi owira, kutentha kwina kusanatayike mumpweya ndi m'nthaka. Mukamaliza, muli ndi malita oposa 100 a madzi atakhala panjanji usiku ukubwera. M'mawa mupeza njanji yonse ili m'kati mwa ayezi wolimba, ndipo ayezi alibe khasu.

Mchere, umene amawaza m'misewu ya kumeneko, umatsitsadi mlingo umene madzi amaundanira, koma umadya zitsulo, umapha timitengo, ndipo madzi a mchere amadutsitsa magetsi pakati pa njanji ziwirizo. Mchenga, umene mainjini enieni amathira pansi pa mateyala kuti agwire, kwa kasitima ndi miyala yolowa m'magiya. Njanji zenizeni zimatenthetsa malo ochepa okha, makamaka pamphambano pamene njanji zimasuntha posintha njira. Ku Chicago, pamphambano zina, amayatsa moto wa gasi m'mbali mwa njanji, moti usiku zimaoneka ngati njanjiyo ikuyaka.

Zochitika pansi pa nthaka

Chimene chimawononga kwambiri njanji yapabwalo sichioneka pa zithunzi zokongola zija. Chimachitika mwakachetechete m'chitsulo ndi m'dothi.

Brass imatalika ndi magawo pafupifupi 0.000019 a utali wake pa digiri iliyonse. Njanji yathu ya mamita 30 ikhoza kukhala pa −15 °C usiku wa Januwale, ndi pa 45 °C padzuwa la Julaye. Kusiyana kwake ndi madigiri 60. Ndiye 30 × 0.000019 × 60 ndi mamita 0.034, masentimita atatu ndi theka. Munthu akayala njanji nthawi yotentha, nthawi yozizira zimafupika, molumikizira mumatseguka, magetsi amaduka. Akayala nthawi yozizira n'kukhomera zolimba, dzuwa likabwera zimapindika ngati njoka. Choncho ambiri sakhomera. Amangoigoneka njanjiyo pa timiyala tophwanya kuti izitha kusuntha pang'ono, makamaka m'makhota. Mukadzadutsa pa njanji yakale, yang'anani timipata ta molumikizira zitsulo, ndi nkhani yomweyi.

Dothi nalo limafufuma likaundana, n'kukweza njanji malo ena kusiya ena. Pa mpata wa mamilimita 45, mbali imodzi ikakwera mamilimita atatu okha kasitima kagwa. Ambiri amati chifukwa chake n'chakuti madzi akaundana amakula ndi magawo 9 pa 100 alionse. Kukulako n'koona, koma si kumene kumakweza dothi kwambiri. Stephen Taber wa ku yunivesite ya South Carolina anasonyeza zimenezi cha m'ma 1930. Ananyowetsa dothi ndi benzene, amene amachepa akaundana m'malo mokula, koma dothilo linafufumabe. Chimene chimachitika n'chakuti pamalire a dothi loundana ndi losaundana pamapangika kansalu ka ayezi, ndipo kamakoka madzi kuchokera pansi kudzera m'timipata ta dothi, monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini. Madzi akafika amaundana, kansaluko kamanenepa, n'kumakankhira dothi la pamwamba m'mwamba. Dothi losalala ngati la m'dambo limakoka madzi bwino, ndiye limafufuma kwambiri. Timiyala tophwanya tili ndi mipata ikuluikulu yosakoka madzi, ndipo madzi a mvula amangodutsa. N'chifukwa chake omanga bwino amakumba kangalande n'kudzazamo timiyala asanayale njanji.

Ndipo apa chipale chochuluka chija chimasanduka bwenzi. Popeza mbali yaikulu ya chipale chatsopano ndi mpweya wotsekeredwa, chimagwira ntchito ngati bulangete. Pansi pa theka la mita la chipale, nthaka imakhala pafupi ndi 0 °C ngakhale pamwamba pali −20 °C, ndipo sisinthasintha usana ndi usiku. Njanji yokwiririka kuyambira Disembala mpaka Malichi imatuluka ili bwino kuposa ya kumalo kumene nthaka ili pambalambanda, ikuundana usiku n'kusungunuka masana kambirimbiri. Timitengo tija natonso timapulumuka ku mphepo youma. Choopsa chenicheni kwa njanji yokwiririka ndi phazi la munthu amene waiwala pamene inadutsa, n'chifukwa chake ena amazika timitengo tatitali m'mbali mwake chipale choyamba chisanagwe.

A Fomu 4, nayi ntchito ya kumapeto kwa sabata. Ena amayala njanji za aluminium m'malo mwa brass chifukwa ndi zotchipa, ndipo aluminium imatalika ndi 0.000023 pa digiri iliyonse. Pezani kusintha kwa utali wa njanji ya mamita 50 pakati pa −20 °C ndi 40 °C. Kenako, ngati njanjiyo ndi ya zidutswa za mita imodzi ndi theka ndipo ikuyalidwa tsiku la 10 °C, pezani mpata umene uyenera kusiyidwa polumikizira paliponse kuti isapindike tsiku lotentha kwambiri.